Uthenga wa pa wailesi ukafika pagombe: zoyenera kuyeza ndi zimene zimasokoneza kafukufuku

Pa phunziro la momwe mawailesi, nyuzipepala ndi mafoni amasinthira anthu, ophunzira ambiri amakodwa pamalo amodzi: amaona ngati kumva uthenga, kuukhulupirira ndi kuchita zimene ukunena ndi chinthu chimodzi. Mayi wa ku Chia akhoza kukulakatulirani uthenga wonse wa malungo osaphonya liwu, koma mukazungulira kuseri kwa nyumba mupeza neti yatchinga mbande za tomato kuti nkhuku zisajomphe. Wamva, mwina wakhulupiriranso, koma usiku mwana wagona pamtetete. Wofufuza amene wangofunsa kuti "munamvako?" abwerera ku ofesi ndi chiwerengero chosangalatsa chopanda ntchito.

Ena mwa oyamba kuona zimenezi mwadongosolo ndi wofufuza Paul Lazarsfeld ndi anzake. Pa chisankho cha ku America cha 1940 anatsatira anthu pafupifupi 600 a ku Erie County, ku Ohio, n'kumawafunsa mobwerezabwereza kwa miyezi ingapo. Anapeza kuti amene wailesi ndi nyuzipepala zinawatembenuza maganizo anali ochepa, ndipo ambiri ankatchula zokambirana ndi anzawo. Apa ndi pamene panachokera mfundo yakuti uthenga umayenda masitepe awiri: umafika kaye kwa anthu ena omveredwa, iwowo n'kuufikitsa kwa anzawo atauthira mchere wawo. Kuno kunyanja anthu amenewo timawadziwa: mwini chilimira, shehe, m'busa, mlangizi wa zaumoyo, mayi wamkulu wa banki m'khonde. Chilumba cha Mbenji ku Salima chimatsekedwa chaka chilichonse pansi pa ulamuliro wa mfumu Makanjira, ndipo asodzi amachokadi. Chilengezo cha pa wailesi chikagwera pamalo oterowo chimapeza mawu a mfumu alipo kale, choncho kusiyanitsa mphamvu ya wailesi ndi ya bwalo si ntchito yamasewera.

Mu 1972 Maxwell McCombs ndi Donald Shaw anaonetsa kuti nkhani zimene atolankhani amabwereza kwambiri ndi zomwezo anthu amaziona ngati zikuluzikulu. Zoona, ndipo aliyense amene anali m'dziko muno nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023 safunika kuuzidwa.

Kafukufuku amene ndimamuona wothandiza kuposa onsewa ndi wa Elizabeth Levy Paluck ku Rwanda, amene anasindikizidwa mu 2009. Magulu ena anamvera sewero la pa wailesi lokamba za kuyanjananso, ena anamvera sewero la zaumoyo, ndipo gulu lomvera chakuti linasankhidwa mwamaere. Patatha chaka, zimene munthu aliyense ankakhulupirira mumtima mwake sizinasinthe kwenikweni. Chinasintha ndi zimene ankaganiza kuti anthu anzake amavomereza, komanso khalidwe lake pagulu, monga kulankhula poyera pamene sakugwirizana ndi anzake. Wolemba mafunso atolepo ichi: funso la "inu mumaona bwanji?" lizikhala ndi mnzake wa "anthu ambiri m'mudzi muno amaona bwanji?" Msodzi akhoza kudziwa bwino kuti kukoka ndi neti ya udzudzu kumatha tiana ta nsomba, koma sasiya ngati akuona kuti doko lonse likutero ndipo palibe womudzudzula. Mukangoyeza maganizo ake munena kuti pologalamu yalephera, kapena yapambana, pa chifukwa cholakwika.

Tsono mutsimikiza bwanji kuti wasintha munthu ndi wailesi? Pafunika anthu ena ofanana nawo amene sanamve. Ku Tanzania sewero la pa wailesi la Twende na Wakati litayamba mu 1993, dera la Dodoma silinaulutsiridwe kwa zaka ziwiri kuti likhale lofananitsira. Ku Burkina Faso, kuyambira 2012 mpaka 2015, bungwe la Development Media International linatenga madera 14 okhala ndi wailesi zawozawo, 7 n'kuulutsa mauthenga a thanzi la ana, 7 ayi. Ana otengeredwa kuchipatala chifukwa cha malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba anachuluka m'madera oulutsiridwa, koma pa imfa za ana kafukufukuyo sanathe kuonetsa kusiyana kotsimikizika. Zotsatira zotere zimakhumudwitsa opereka ndalama, koma ndiye zoona zake.

Ku Salima ndi ku Nkhotakota njira imeneyi imavuta. Dera la m'mbali mwa nyanja ndi lachidikha, mawu a FM amayenda kutali popanda phiri lowatchinga, ndipo mudzi umene mwauika kuti "sukumva" umamva bwinobwino Nkhotakota Community Radio, MBC ndi Zodiak. Ngakhale usamve, wogula usipa wochokera ku Senga Bay afika nayo nkhaniyo pa tsiku la msika. Chotheka n'chakuti musalimbane ndi mlengalenga, mugawe mwamaere chinthu chimene mungathe kuchigwira, monga magulu omvera wailesi. Lembani mayina a midzi yosachepera 20 yotalikirana, pindani timapepala, mafumu atole okha pamaso pa onse. Midzi 10 ilandire wailesi ya sola ndi wotsogolera zokambirana sabata iliyonse, ina 10 idzalandire kafukufuku akatha. Kuchuluka kwa midzi n'kofunika kuposa kuchuluka kwa anthu: anthu 400 a m'midzi iwiri amakuuzani zochepa kuposa 400 a m'midzi 20, chifukwa a mudzi umodzi amamwa mjigo umodzi, amamvera mfumu imodzi, ndipo mayankho awo amafanana.

Funsani musanayambe, mudzafunsenso pomaliza, ndipo maulendo onse awiri agwe nyengo imodzi. Mukayeza kugona mu neti mu Okutobala kukutentha, n'kudzayezanso mu Febuluwale udzudzu utabuka, mudzayamikira wailesi pa ntchito imene yagwira ndi mvula. Lembaninso china chilichonse chimene chachitika pakatipo. Boma likagawa maneti atsopano mwezi womwewo, chiwerengero chidumpha m'midzi yonse 20, ndipo ndi midzi yofananitsira yokha imene ingakupulumutseni.

Vuto lina ndi ulemu wathu. Mlendo akafika ndi fayilo atavala tisheti ya bungwe lomwe likuulutsa, munthu amayankha zimene akuganiza kuti mlendoyo akufuna, makamaka akamayembekeza kuti mwina kubwera thandizo. Ofunsa avale zovala wamba, ndipo asakhale omwe aja otsogolera magulu. Pa mndandanda wa mauthenga ofunsa ngati munthu anawamva, ikanimo umodzi wopeka umene sunaulutsidwepo. Amene avomere kuti anaumva akuonetsani kukula kwa "eya" wongosangalatsa mlendo. Ndipo pamene diso lingaone, musadalire pakamwa: pemphani kuona ngati neti yapachikidwa pogona, yezani klorini m'madzi a mu ndowa, onani ngati kanjira kopita kuchimbudzi kali kopondedwa kapena kamera udzu. Kaundula wa kuchipatala amathandiza, bola mukumbukire kuti mwezi umene mankhwala atha anthu amasiya kupitako ngakhale uthenga anaumva.

Nthawi youlutsira nayo imapha mapologalamu abwino. Wa usipa amalowa m'madzi kukada ndi nyali zake, amatuluka m'mamawa, masana ali mtulo. Uthenga wa asodzi woulutsidwa 8 koloko usiku umamvedwa ndi akazi awo, ngati bambo sanapite nayo foni yomwe imagwira wailesi. Choncho funso lisathere pa "muli ndi wailesi?" Funsani amene amaitsegula, amene amasankha siteshoni, ndi ola lake. Kumpoto kwa Nkhotakota mafunso ayesedwenso m'Chitonga, m'madera ena a Salima m'Chiyao, chifukwa liwu limodzi lomasuliridwa mopotoka limasintha yankho.

Pomaliza pake mudzapeza kuti ena mwa amene munawafunsa koyamba kulibe, atsatira nsomba ku doko lina. Musawafufute mwakachetechete, pakuti oyendayendawo ndi omwe uthenga umawaphonya kwambiri, ndipo otsalawo adzakometsa zotsatira zanu. Pa ulendo woyamba lembani nambala za foni ziwiri, yake ndi ya wachibale amene sachoka pamudzi, ndipo mu lipoti munene kuti munayamba ndi angati, mwapeza angati, ndipo osowawo anali a midzi iti.