Ngongole ya mowa ya mayi busa

Poti za Loweruka ku Mufakose, ku Harare, mwazimva kale, ndipo ena mwayamba kunditchula kuti "Bambo Class", lekani ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanakafike ku Lilongwe itamera nyanga.

Pulogalamu ya pakompyuta imene ndinaonetsa pa msonkhano wa tsikulo sinali yoipa ayi. Kope la bungwe lathu lothandizana pamaliro linanyowa ndi mvula, ine n'kudzipereka kuti ndilemba zonse mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta. Ndinapanga class imodzi, Membala. Class ili ngati chikombole cha njerwa, ndipo njerwa iliyonse yotuluka mmenemo ndiyo object. Dzina ndinaliika bwinobwino mkati mwa __init__ (gawo lopatsa object iliyonse zinthu zakezake ikamapangidwa), self.dzina, aliyense lakelake. Koma mndandanda wa ngongole ndinaulemba pamwamba, kunja kwa __init__. Choikidwa pamenepo chimakhala cha ma object onse. Python, yemwe amakukalipira ukangophonya kampata kamodzi koyambira mzere, apa anangoti ziii.

A tcheyamani anati, "Mwana wanga, yamba ndi mayi busa, iwo alibe ngongole." Zilembo n'kuti nditazikulitsa kuti ndi agogo akumbuyo omwe aone. Ndinadina.

Mayi busa: $40 ya mowa. $15 ya kombi yobwerera usiku kuchokera ku Mbare. $60 yokawombola foni kwa akatapila.

Mayiwo anavula magalasi, kupukuta ndi chitenje, kuvalanso. Mowa uli pomwepo. Anavulanso, kuuzira mpweya galasi lililonse palokha, kupukuta modekha, kuvala. Mowa osasuntha. Abusa anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mayi akunyumba awo, moti ndinamva khosi lawo likulira.

Pofuna kuwayeretsa ndinatsegula dzina la a tcheyamani. Mowa womwewo. Msungichuma, mowa. Malemu amene tinawaika chaka chatha, nawonso akuti anakwera kombi usiku. Mwini ngongole weniweni, amalume ena okhala kukhomo, anaimirira n'kuwomba m'manja: "Umodzi timaunena uja ndi umenewu!"

Komatu tinene zoona, malamulo a bungwe lathu amati vuto la mmodzi ndi la tonse. Kompyuta inangomvera. Ndiponso ndinalemba magetsi atazima, batire ikutha.

Kukonza kwake ndi mzere umodzi basi, self.ngongole = [] mkati mwa __init__, kuti membala aliyense akhale ndi mndandanda wakewake. Ndinakonzera m'kombi pobwerera, koma palibe wafuna kuona. Agula kope lina, lachikuto cholimba. Mayi busa moni akuyankha ndithu, kungoti akuyankhira kumbali.