Funde lomwe ndinapanga linandilondola m'boti

Funde labwino kumbuyo kwa boti limadalira kulemera, liwiro ndi kuya kwa madzi. Zonsezi ndinkazidziwa pamtima tsiku limene ndinanyowetsa alamu anga mpaka m'makutu.

Mng'ono wanga ankafuna wakesurf, kukwera funde la kumbuyo kwa boti pa kathabwa atataya chingwe chomukokera. Boti linali la injini ya m'kati, pulopela ili pansi pa mimba. Pa boti la injini yopachika kumbuyo masewerawa sayesa, poti munthu amakhala pafupi kwambiri ndi pulopela.

Ndinali ndi matumba atatu a ballast, odzaza madzi olemeretsa boti, lililonse la malita 350. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye onse pamodzi makilogalamu 1,050. Mwa nzeru zake, pafupifupi 60 peresenti imakhala kumbuyo, 40 kutsogolo: zakumbuyo zimakweza funde, zakutsogolo zimalitalikitsa. Ine dyera, onse atatu kumbuyo. Ndinapemphanso alamu, omwe thupi analipatsidwa mosaumira, kuti akhale pomwepo.

Titangonyamuka boti linadzutsa mphuno ngati nkhuku ikumwa madzi. Kutsogolo ndinkangoona mitambo. Funde linatuluka chilili ngati khoma, koma lalifupi, lopanda poti thabwa n'kukhazikika.

Ndiye kunali shaper, kachida komata m'mbali mwa boti cha kumbuyo, pansi pa madzi. Kamamatidwa mbali yomwe wosewera kulibe, kuti kasokoneze madzi a uko, a kwa wosewera asalale. Ine ndinakamata kumanzere, komwe kunali mng'ono wangayo. Kumanja kunayalika funde losalala bwino lopanda wolikwera, iye kumanzere akupalasa thovu ngati wagwera m'beseni lochapira.

"Achimwene, onjezani moto!" anakuwa.

Liwiro la wakesurf ndi makilomita 16 mpaka 19 pa ola. Ndinakankha kufika 26, funde n'kuphwa. Mosazindikira tinali titalowanso posaya, mamita awiri okha, pamene funde limafuna asanu kapena kuposa. Kumbuyo kunangofuka matope, mnyamata uja khuvu.

Wosewera akagwa, woyendetsa amatsitsa moto pang'onopang'ono, kusiya funde lidutse, kenako n'kukhota mwakachetechete. Ine ndinakoka chogwirira cha moto chonse nthawi imodzi. Boti linaima, koma funde lilibe mabuleki. Kumbuyo kunali kutamira kale ndi tani yathunthu kuphatikizapo alamu, choncho madzi anangokwera ngati aitanidwa, nadutsa pamutu pawo, n'kudzandipeza pa chiwongolero.

Pampu yopopa madzi m'boti inalira mphindi makumi awiri, ife tikuthandizira ndi chipewa. Alamu anali chikhalire, nsapato imodzi ikuyandama pafupi ndi bondo. Anafinya malaya, n'kundiyang'ana mwaulemu wonse.

"Alamu, funde munkalifuna lija lafika. Tiliike pati?"