Zimene ndaphunzira pa kudula ndi kuyala matailosi a granite

Pa maphunziro athu a zomangamanga tafika pa gawo la matailosi a mwala, ndipo amene andipatsa maganizo kwambiri ndi a granite. Mwala umenewu, womwe umapezekanso pa phiri la Mulanje, unapangika pamene miyala yosungunuka inkazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka, n'chifukwa chake umaoneka wamawangamawanga a timiyala totchedwa quartz, feldspar ndi mica. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala wa Mohs, umene umayambira pa 1 n'kulekezera pa 10, quartz ali pa 7, feldspar pa 6, pomwe marble ali pafupi ndi 3 basi. Choncho chodulira matailosi wamba, chija chongokanda mzere kenako n'kuthyola, pa granite sichiphula kanthu. Pamafunika makina a disiki yachitsulo yokhala ndi timiyala ta dayamondi, yemwe ali pa 10.

Disiki imeneyi ilibe mano ngati sowo. Imapera mwalawo pang'onopang'ono, ndipo madzi amayenera kuthirika pa iyo nthawi yonse kuti isatenthe. Aphunzitsi athu amatiuza kuti tizimvetsera makina: munthu akakankha tailosi mwaphuma, kulira kwa injini kumatsika, disiki imayamba kupatuka pa mzere, ndipo m'mphepete mwa tailosi mumabenthuka. Malo oopsa kwambiri ndi kumapeto, pamene patsala kachidutswa kochepa kogwirizira mbali ziwirizo. Njira imene ndaiona ikuthandiza ndi kuyamba kudula pang'ono kuchokera kumapetoko, kenako n'kutembenuza tailosi ndi kudula mzere wonse mbali yonyezimira ili pamwamba. Popeza madzi amafufuta choko, mzerewo timaulemba pa tepi yomatidwa pa tailosi. Disiki ikayamba kuterera osadya mwala, sikuti yatha ayi. Kuidutsitsa m'njerwa yofewa kumachotsa chitsulo chimene chaphimba timiyala ta dayamondi.

Madzi aja ali ndi ntchito inanso imene amisiri ambiri amaipeputsa: amaletsa fumbi kuuluka. Fumbi la granite lili ndi silica wochokera mu quartz uja, ndipo likalowa m'mapapo limayambitsa silicosis, nthenda yosachiritsika imene imachititsanso kuti munthu adwale chifuwa chachikulu mosavuta. Ndi nthenda yomwe anabwerera nayo amuna ambiri amene ankagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni. N'zodetsa nkhawa kuona mnyamata akudula mwala wouma ndi grinder, makina odulira a m'manja aja, mutu wonse uli mbuu, atangomanga kansalu pamphuno, chifukwa fumbi loopsalo ndi losalala kwambiri moti nsalu siilitchinga.

Pa kuyala, ntchito yaikulu imakhala pansi pa tailosi. Simenti ya pansi iyenera kukhala youma bwino ndiponso yosalala, yosasiya mpata woposa mamilimita 3 pansi pa thabwa lowongoka la mamita 2, chifukwa granite wonyezimira amaulula chilichonse: tailosi imodzi ikangokwera pang'ono, kuwala kochokera pa zenera kumaionetsa ngakhale munthu ataima pakhomo. Timayambira pakati pa chipinda, titatsimikiza kuti ngodya ndi ya sikweya ndi muyeso wa 3, 4 ndi 5 (mbali imodzi 3, inayo 4, ndipo mzere wolumikiza nsonga zake uzikwana 5), ndipo timasakaniza matailosi a m'makatoni osiyanasiyana popeza mwala wachilengedwe sufanana mtundu.

Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi choika guluu wa matailosi m'makona anayi ndi pakati pokha, ati pofuna kusunga thumba. Granite ndi wolimba pokandika, koma tailosi yochindikala mamilimita 10 sipindika. Ikakhala pamphako, mwendo wa kabati yolemera ukhoza kuing'amba. Guluu ayenera kupakidwa pansi ndi chopakira cha mano, mizere yake yoloza mbali imodzi kuti mpweya utuluke, ndipo wina wochepa apakidwe kumbuyo kwa tailosi, kenako n'kuikhazika ndi hamala ya labala uku tikuyang'ana levulo. Guluu akauma, kugogoda tailosi ndi chala kumanena zoona: yomatirira bwino imamveka thi, yamphako imalira ngati chigubu chopanda madzi. Pa granite woyera timagwiritsa ntchito guluu woyera, chifukwa wotuwa akhoza kulowerera m'mwala n'kuudetsa.

Pakati pa matailosi timasiya mamilimita 2 kapena 3, ndipo m'mbali mwa khoma timasiyanso mpata kuti pansi pakafutukuka ndi kutentha pasatukumuke. Mipata ya pakatiyo imatsekedwa pakadutsa maola osachepera 24, ndipo nthawi yonseyo pasapondedwe, ngakhale mwini nyumba ataumirira kulowetsa katundu.