Thobwa, payipi ya madzi ndi COF yanga

COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndatenga dzulo, paulendo wachiwiri. Ulendo woyamba anandibweza, ndipo wondibwezayo sanalakwe ayi. Amene ndikadali nawo mkwiyo ndi anyamata otsuka galimoto aja, komanso ineyo pang'ono, chifukwa ndinawasiyira makiyi n'kupita kukagula tomato.

Zonse zinayamba ndi thobwa. Tikuchokera kumudzi ku Dedza, apongozi anatipakirira chigubu cha malita asanu, ndipo titafika cha pa Nathenje chitsekero chinafwamphuka. Thobwa lonse linathera pansi pa mpando wakutsogolo wa kumanzere. Pomatha masiku atatu galimoto inkanunkha ngati pamowa wa masese. COF inali itatsala sabata imodzi kuti ithe, ndiye ndinati nditsukitse kaye, ndingakachite manyazi pamaso pa woyeza.

Ndinalipira K20,000 ya m'kati ndi kunja. Pobwera kumsika ndinapeza zitseko zonse zinayi zili yasa, mnyamata atagwira payipi ya pulesha akupopera kapeti, mipando, mpaka pansi pa giya. Malamba anali atawakoka onse, wina atamunyika m'ndowa ya Jik kuti ayere. Madzi akuchucha m'zitseko ngati mvula yagwera m'nyumba yopanda denga.

"Achimwene, mukutani kodi?"

"Musadandaule amayi, dzuwa liumitsa zonsezi."

Mu January, dzuwa lake liti? Anzanga, payipi ya madzi isalowe m'kati mwa galimoto yanu. Kunja apopere mmene angafunire, koma m'kati ayi.

M'mawa mwake nditaliza galimoto, kanyali kofiira ka airbag (chibaluni chimene chimatuluka pangozi), kaja kali ndi kamunthu kokhala pampando ndi mpira patsogolo pake, kanakana kuzima. Kanyali kameneka kamayenera kuyaka mukatembenuza kiyi, kenako n'kuzima pakatha masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Kanga kanangoti ng'aa. Ndinadzinamiza kuti ndi chinyezi chabe, chiuma chokha.

Za mapepala, kulipira ndi mzere sindinena, aliyense amene anayezetsako galimoto akuzidziwa. Ndinafika 6 koloko m'mawa, ndinapempha tsiku kuntchito, ndipo galimoto yanga inafikiridwa nthawi ya nkhomaliro itadutsa. Mabuleki bwinobwino, magetsi bwinobwino, hutala ikulira, matayala ali ndi mano. Kenako woyeza anakoka lamba wa dalaivala n'kumusiya. Lamba anangolendewera ngati chingwe choyanikapo zovala, osabwerera. Wa kumbuyo pakati chitsulo chake chinkalowa koma osagwira, ukakoka pang'ono chatuluka.

"Amayi, uyu si lamba, n'chokongoletsera." Analoza kanyali kaja osalankhulanso kanthu.

Tsiku lonse linapita choncho. Njala, dzuwa litatulukano mochedwa, mpando wonyowa ukulowetsa madzi m'siketi. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti galimoto imeneyi isanatsukidwe malamba ake ankabwerera, mwaulesi inde, koma ankabwerera. Ndinalipira ndalama zanga kuti andiwonongere.

Makaniko woyamba amene ndinamupeza cha ku Biwi sanatsegule n'komwe boneti. Akuti ntchito yaing'ono, amachotsa dashibodi n'kumata tepi yakuda kuseri kwa kanyaliko, K10,000 basi, ndipo aliyense amatero. Ndikanavomera, kunena zoona, chifukwa ndinali nditatopa. Koma ndinaimbira mlongo wanga amene amayendetsa mathiraki, ndipo anandikalipira ngati mwana. Kanyali kaja kakakhala koyaka, ndiye kuti kompyuta yapeza vuto, ndipo pangozi airbag ikhoza osatuluka. Ndi kompyuta yomweyonso imene imawombetsa kachipangizo kokoka lamba kuti akumange zolimba pa nthawi yogundana. Kumata tepi n'kubisa chilonda ndi malaya. Ndipo inu amene mukugula galimoto kwa munthu, yang'anani kanyali kameneka. Mukatembenuza kiyi kayake kaye, kenako kazime. Ngati sikayaka n'komwe, dziwani kuti wina anadutsapo ndi tepi kapena anachotsa babu.

Wachiwiri anali madala ena a zamagetsi a galimoto, osathamanga, magalasi ali pamphuno. Anayika galimoto pa mashini ofufuzira vuto, K15,000, ndipo mashini analoza pansi pa mpando wa kumanzere, pomwe panathera thobwa paja. Asanagwire chilichonse anachotsa waya wa batire n'kukhala pansi kumamwa tiyi. Ndinaganiza kuti akundichedwetsa dala, koma akuti magetsi amatsalira m'kompyuta ya airbag kwa kanthawi, ndiye uyenera kudikira maminitsi angapo, apo ayi chikhoza kukuphulikira kumaso. Mapulagi onse achikasu ndi a airbag, ndipo sayezedwa ndi tesita wamba. Atatsegula pulagi ya pansi pa mpando, m'kati munali madzi, misere ya thobwa ndi dzimbiri lobiriwira litayamba kale. Anapopera mankhwala otsukira mapulagi, kuumitsa, kubwezera, kufufuta vuto pa mashini. Kanyali kanayaka, ndinawerenga mpaka sikisi, kanazima. Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira.

"Mwanawe, uli ndi mwayi," anatero. "Kompyuta ya airbag m'magalimoto ambiri imakhala pansi, pakati pa mipando, pafupi ndi giya. Madzi akanalowamo bwenzi tikukamba ndalama zina."

Ndiye mwamva. Payipi ya madzi isalowe m'kati mwa galimoto.

Malamba ndinatsuka ndekha kunyumba Loweruka. Mumakoka lamba yense mpaka athe, n'kumupana ndi pegi ya zovala pamwamba kuti asabwerere. Ndowa ya madzi ofunda, sopo pang'ono, kabulashi kofewa. Madzi amene anatuluka m'lamba wa dalaivala anali ngati a m'dambo, thukuta ndi mafuta a mandasi a zaka zambiri, kuyambira kwa mwini wake woyamba ku Japan mwinanso. Musaiwale kachitsulo ka pamwamba pa phewa kamene lamba amadutsamo. Pamenepo pamaunjikana litsiro lakuda lomata ngati phula, ndipo ndi limene limagwira lamba kuti azibwerera mwaulesi. Ndinalipala ndi kansalu konyowa. Mukatero musiyeni lamba ali chikokere tsiku lonse, zitseko zili zotsegula, mpaka aumiretu. Anyamata aja anawabwezera ali onyowa ndi sopo yemwe, n'chifukwa chake anauma gwa ngati chikopa.

Wa kumbuyo uja vuto lake linali loseketsa. M'kabowo kolowetsa chitsulo ndinatulutsamo K10 yachitsulo ndi makoko a mtedza. Ntchito ya ana anga imeneyo, anyamata aja ndisawanamizire. Musathiremo mafuta, kungochotsa zinyalala basi.

Ndaiwala kunena za lamba wa Jik uja. Ameneyo madala anakana kuti abwerere. Jik amadya ulusi, lamba amaoneka woyera koma mphamvu zatha, ndipo umadzadziwa tsiku langozi. Ndinakagula wina wakale kogulitsa masipeya. Madalawo anandilangiza kuti ndisatenge wochokera m'galimoto yogundidwa kutsogolo, chifukwa kachipangizo kake kokoka kaja kakawomba kamodzi kwatha. Ndipo musanalipire mukokeni mwadzidzidzi. Ayenera kugwira nthawi yomweyo.

Ali pantchito, madala aja anandifunsanso ngati ndinayamba ndafufuzapo nambala ya chasisi pa intaneti. Ma airbag a kampani ya Takata, imene inagwa mu 2017, anaikidwa m'magalimoto mamiliyoni ambiri a Honda, Toyota, Nissan, Mazda ndi ena, ndipo mankhwala ake ophulitsira amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, moti ena pophulika ankaponya zidutswa za chitsulo kumaso kwa anthu. Makampaniwo anaitanitsa magalimotowo kuti akasinthidwe. Ambiri a ife timayendera galimoto zakale zochokera ku Japan zodzera pa Dar es Salaam, ndiye kufufuzako sikulakwika. Yanga inapezeka kuti siili m'gulumo.

Bambo akunyumba nawo alandirako zawo. Iwo amamanga lamba kuseri kwa msana kuti belu lisiye kulira, n'kumamukoka pokhapokha akaona apolisi apamsewu. Madala anawalozera zilembo za SRS pachiwongolero, zimene zimasonyeza kuti muli airbag. Airbag ndi yothandizira lamba, siilowa m'malo mwake. Imatuluka mwamphamvu m'kuphethira kwa diso, ndipo ikakupeza ukuulukira kutsogolo wopanda lamba, imakumenya m'malo mokulandira. Mwana wathu wazaka sikisi amene amalirira mpando wakutsogolo tsopano amakhala kumbuyo, alire asalire. Kabokosi ka tishu ndi zidole zimene zinali pa dashibodi pamwamba pa airbag ndachotsa.

Fungo la thobwa linatha ndi njira imene ndikanayamba nayo. Kutulutsa mamati n'kuwachapa panja, kupukuta kapeti ndi nsalu yofinya bwino, kuwaza soda wophikira usiku wonse, m'mawa n'kukoka ndi huva. Madzi osakwana ndowa imodzi. Payipi ayi.

Ulendo wachiwiri woyeza anali yemwe uja. Anakoka lamba, anamusiya, lamba anathawa m'manja mwake n'kukamenya chipilala. Anangogwedeza mutu. Pobwerera ndinadutsa potsukira galimoto paja, ndipo mnyamata uja anandizindikira, n'kukweza payipi m'mwamba akumwetulira.

"Amayi, lero sititsuka?"