"Jesus Is Love" ya Commodores imafuna oimba odziletsa

Gulu la Commodores linatchuka ndi nyimbo zovina ngati "Brick House" ya 1977, ndiye ambiri amadabwa kumva kuti linaimbanso pemphero. Anyamatawa anakumana akuphunzira ku Tuskegee Institute, m'chigawo cha Alabama, kenaka analowa kampani ya Motown. Mu 1980 anatulutsa chimbale cha Heroes, momwe muli "Jesus Is Love", yopekedwa ndi Lionel Richie, mmodzi wa anyamatawa. Richie yemweyo anaiimbanso pa 7 Julayi 2009 ku Staples Center, mumzinda wa Los Angeles, pamwambo wokumbukira Michael Jackson.

Nyimboyi imayamba motsitsa, ngati munthu wogwada akupempherera ana a Mulungu, ndipo imakwera pang'onopang'ono mpaka kwaya italowa. Magulu oiphunzira amagwa pomwepa. Aliyense amafuna amveke kuyambira pachiyambi, ndiye ikafika nthawi yoti nyimbo ikwere, mphamvu zatha kale.

Ndime yoyamba isiyireni piyano ndi mawu a munthu mmodzi. Wang'oma asathamangire kumenya pakati pa snare, kang'oma kolira mothetheka kaja. Agogode m'mphepete mwake ndi ndodo yogoneka, ma cymbal (mbale zachitsulo zija) awasungire kumapeto. Wabesi agwire noti imodzi yaitali pa chord iliyonse (manoti angapo olira pamodzi). Besi ikalowa, wapiyano apepukitse dzanja lamanzere, chifukwa onse awiri akamaimba manoti apansi pamodzi phokoso limachita matope ndipo mawu a woimba amamira.

Vuto lina ndi liwiro. Nyimbo yodekha ikamakula, oimba amaithamangitsa osadziwa, poti thupi limasokoneza kukweza mawu ndi kufulumira. Poyeserera tsegulani metronome ya pafoni (yogogoda pa liwiro losasintha), muimbe gawo lomaliza lokha katatu kapena kanayi, mumve pamene mukuithawa. Kawirikawiri ndi pamene kwaya ikulowa.

Wotsogolera naye asayambe ndi kukuwa. Richie m'ndime zoyamba amakhala ngati akulankhula, kukometsera mawu kumabwera mochedwa, akamayankhizana ndi kwaya. Ngati manoti akumapeto akukukakani pakhosi, tsitsani nyimbo yonse ndi theka la toni kapena toni imodzi, osati kukakamira kiyi ya pachimbale (palibe womvera amene adzakufunseni za kiyi). Akwaya agwirizanetu malo opumira, alembe chizindikiro papepala la mawu. Pa manoti aatali azipuma mosinthana, awiri apa, awiri apo, kuti mawu asaduke onse nthawi imodzi.