Lachitatu: mbozi zikadali moyo koma zaleka kudya

6 koloko m'mawa. Kabichi amene anapoperedwa mankhwala ophera mbozi a Bt dzulo madzulo akadali ndi mbozi, ndipo woona patali angati mankhwalawo ndi madzi chabe. Mukatembenuza tsamba mupeza mbozi zangoti duu, zibowo zatsopano palibe, ndowe zaziwisi palibenso. Zaleka kudya.

Bt ndi bakiteriya wa m'dothi, dzina lake lonse Bacillus thuringiensis. Akamakhwima amapanga timibulu ta puloteni yotchedwa Cry. Puloteniyi siipha pokhudza khungu, mbozi iyenera kuidya pamodzi ndi tsamba. M'matumbo mwake pH (muyeso wa asidi, umene umakwera asidi akamachepa) imaposa 9, ndiye timibulu tija timasungunuka, madzi ogaya chakudya amadula puloteniyo, chidutswa chotsalacho n'kukakamira pakhoma la matumbo ndi kuliboola. Kudya kumalekeka pa maola ochepa, koma kufa kumatenga masiku 2 kapena 3. M'mimba mwa munthu ndi ziweto muli asidi, komanso mulibe pomwe puloteniyi ingagwire.

Masana. Dzuwa laswa mtengo, ndipo ndi limene limawononga Bt patsamba m'masiku ochepa chabe. N'chifukwa chake amapopera madzulo, n'kubwereza pakatha masiku 5 mpaka 7, kapena mvula ikangotsuka masamba. Nsabwe za m'masamba zili gwa, sizinamve kanthu. Izo zimayamwa madzi a mkati mwa tsamba, sizitafuna pamwamba pomwe pagwa mankhwala.

Zolephera zambiri zimachokera pa mtundu wa Bt. Wa kurstaki ndi wa mbozi, wa israelensis ndi wa mphutsi za udzudzu, wa tenebrionis ndi wa tizikumbu tina. Chinanso ndi kuchedwa. Mbozi ikakula n'kulowa mkati mwa mutu wa kabichi, mwachedwa nayo. Ipezeni ikadali kakang'ono, itangoswa kumene.

Madzulo. Mbozi zingapo zayamba kuda ndi kufota. Posakaniza mankhwala a mzere wotsala, madzi asapitirire pH 8, apo ayi timibulu tiwonongekera m'thanki momwemo, ndipo zosakanizazo zisagone. Mlomo wa sipuleya uloze pansi pa masamba.

Kudalira puloteni imodzi chaka ndi chaka kumabala mbozi zosamva. Ntchemberezandonda zinatero ndi chimanga cha Bt, chosinthidwa kuti chizipanga chokha puloteni ya Cry1F, pachilumba cha Puerto Rico. Popewa zotere, olima chimanga cha Bt amasiya gawo la chimanga wamba pambali, kuti agulugufe ochokera ku mbozi zomva mankhwala azikwerana ndi osamvawo, ana awo akhale omva.