Kukonzanso Land Rover Lightweight yolizira mahelikopita

Pa galimoto imeneyi sindikhulupirira mita ya mtunda. Land Rover Lightweight, yomwe inkapangidwa ku Solihull, ku England, kuyambira 1968 mpaka 1984, inali ya asilikali a ku Britain, ndipo zina mwa izo zinaikidwa mabatire akuluakulu kumbuyo kuti zizipereka magetsi polizira mahelikopita. Galimoto yotere inkayenda pang'ono, koma injini yake inkalira maola ambiri itaima, ikutchaja mabatire. Mita ingaonetse mtunda wochepa pamene injini yatha kale.

N'chifukwa chake ndisanamasule nati iliyonse ndimayeza kompulesheni ya masilinda onse 4 injini itatentha. Ndi injini ya petulo ya 2286cc. Chofunika si nambala yokha, koma kuti masilinda asasiyane kwambiri. Imodzi ikatsika, ndimathiramo kaoyilo pang'ono pabowo la pulagi n'kuyezanso: ikakwera, atha ndi maring'i, ikapanda kusintha, vuto lili pa mavalavu. Mpata wa matapeti ndi 0.25mm, ndipo masilinda amawomba motsatana 1-3-4-2. Ndimayang'ananso kula ya oyilo (choziziritsira oyilo) kutsogolo kwa redieta ndi mapaipi ake, chifukwa ndiyo inkateteza injini polira itaima, ndipo mapaipi akalamba amaphulika osachenjeza.

Kenako ndimajambula zithunzi za waya aliyense ndi kumumata kapepala. Apa m'pamene ambiri amaonongera. Galimotoyi ndi ya 24V, osati 12V, ndipo munthu akaona jenereta yaikulu ya 90 amp, bokosi lake lowongolera ndi mawaya okutidwa ndi chitsulo, amangozula zonse n'kuika olitaneta wamba. Idzalira ndithu, koma chimene chinaisiyanitsa ndi Land Rover ina iliyonse chapita. Ine ndimasunga chilichonse, ngakhale mabulaketi ooneka ngati alibe ntchito, popeza nthawi zambiri ndi amene ankagwira mabatire kapena chingwe chopita ku ndege.

Thupi limachoka msanga, poti linapangidwa kuti zitseko, galasi la kutsogolo ndi mapanelo a pamwamba zizichotsedwa galimoto ikamanyamulidwa ndi helikopita ya Wessex. Chasisi ikatsala yokha ndimaigogoda ndi hamala. Dzimbiri limakonda mtanda wa kumbuyo, timikono togwira thupi m'mbali, ndi pomwe masipuling'i amangiriridwa. Pa galimoto yolizira ndege ndimaonjezera malo ena: pansi pomwe pankakhala mabatire. Asidi wodontha amadya aluminiyamu wa thupi ndi chitsulo cha pansi pake. Ndimatsuka ndi madzi osungunuliramo soda, kudula chovunda chonse, n'kuwotcherera chitsulo chatsopano cha makulidwe ofanana. Chigamba choika pamwamba pa dzimbiri chimangobisa matenda. Chasisi ikabooka malo ambiri, yatsopano yogalivanaiza imatchipa kuposa kuwotcherera kosatha. Pobwezera thupi, pomwe aluminiyamu akhudzana ndi chitsulo ndimaikapo labala kapena mafuta oteteza, apo ayi pamatuluka ufa woyera ndipo panelo imabooka.

Masipuling'i a kumbuyo nthawi zambiri amakhala atagona chifukwa cha kulemera kwa mabatire. Ndimasintha mbali zonse ziwiri, ndipo mabawuti a mabushi ndimawamangitsa galimoto itaima pa matayala ake. Ukamanga ili pa jeki, mabushi amang'ambika posachedwa. Mu giyabokosi, thiransifa ndi madifu mumalowa oyilo wa EP90, wa GL4. Mabuleki ndi a dilamu: masilinda, mapaipi a labala ndi nsapato ndimagula zatsopano osakambirana, mafuta ake DOT 4. Mathanki ndi awiri, pansi pa mipando, ndipo kampopi kosinthira thanki kakauma kamalowetsa mpweya, galimoto n'kumazima ngati vuto ndi kabureta.

Magetsi ndimawasiyira kumapeto. Mabatire awiri a 12V olumikizidwa motsatana ayenera kukhala a msinkhu umodzi ndi kukula kumodzi. Wakale akaphatikizidwa ndi watsopano, wina amatchajidwa mopitirira pamene mnzake akufa. Injini ikamalira, mita ionetse pafupifupi 28V, yomwenso ndi mphamvu imene ndege zambiri zimagwiritsa ntchito. Ikaonetsa 24V basi, ndimayamba ndi malamba a jenereta ndi mawaya a ethi, bokosi lowongolera pambuyo. Koyilo siilandira 24V yonse: magetsi amayamba adutsa m'kabokosi kowatsitsa, ndipo wolumpha kabokosiko amaotcha koyilo ndi mapoyinti. Mapulagi ake ndi a mtundu wokutidwa, ali ndi mazinga pamwamba omangirapo waya, choncho a pa shopu wamba salowa.

Chingwe chopita ku ndege chimathera pa pulagi ya mapini atatu, awiri aakulu ndi limodzi lalifupi. Lalifupilo limagunda pomaliza ndi kuyamba kuchoka, kuti magetsi aakulu asathethe pozika kapena pozula. Injini ya helikopita ikamalizidwa imakoka maampu mazana angapo, ndiye chingwe chang'alu kapena chobiriwira m'kati n'choopsa ngakhale palibe ndege yolumikizako. Ngati galimoto ndi yongoonetsa, ndimabwezera chingwe ndi mabokosi pamalo pake koma osazilumikiza ku mabatire amoyo, ndipo pa mabatire a galimoto ndimaika switchi yodulira magetsi onse. Mphete ndi wotchi zichoke pamkono musanagwire sipanala pafupi ndi mitu ya batire.

Penti ndimasankha nditapala pang'onopang'ono pachitseko ndi sandipepala wosalala, kuti mitundu yakale ndi manambala a usilikali zionekere. Nambala imeneyo, pamodzi ndi ya chasisi, ndi imene mumatumiza ku RAF Museum ku Hendon, ku London, ngati galimoto inali ya RAF (gulu la asilikali a ndege la ku Britain), kufunsa ngati khadi lake la ntchito lilipo.